Dzanja la Apongozi, Ine Kuseri kwa Khitchini

Lolemba

Foni yalira ndili pakati pochapa. Ndi Mayi Chirwa, a bungwe lija la ku Blantyre lothandiza anthu olumala, lomwe likutsegula chipinda chake pa Boma. Akuti kalata yanga yofunsira ntchito aiona, tatsala anthu atatu, malo ndi amodzi. Ndavina thovu lili m'manja!

Chimene akufuna ndi vidiyo ya mphindi zisanu, ine ndikugwira ntchito ndi wodwala weniweni. Nkhope yanga ioneke, manja anga aoneke. Ifike pafoni yawo Loweruka thwelofu koloko isanakwane.

Ndilembe bwinobwino pano kuti ndisadzinamize. Yakwana miyezi khumi chichokereni kwathu ku Chipata, kutsatira mwamuna wanga Feston ku Migowi kuno. Iye ali ndi ntchito yake ya ulangizi wa zaulimi, njinga yamoto, anzake. Ine ndili ndi mapepala mu envulopu. Kuti andilole kugwira ntchito m'Malawi muno ndayenda ku Lilongwe katatu, nsapato mpaka kutha chidendene. Tchuthi chimene anandipatsa kuchipatala kwathu chikutha. Ndikapanda kukaonekera Lachitatu la sabata yamawa, malo anga apatsa wina. Tinagwirizana ndi Feston kuti ntchito ikapanda kupezeka kuno ndibwerera, banja tiziyendetsa pafoni. Ine zimenezo sindikuzifuna ngakhale pang'ono.

Ntchito yangayi anthu kuno saimvetsa. Ndikati ndine okupeshono terapisiti amangoti "ohoo." Ena amandiyesa nesi, ena wotikita minofu. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anabwera ndi dzino lobooka. Chonsecho ndi yosavuta kufotokoza: ndimaphunzitsa munthu amene wadwala kapena kuvulala kuti azidzichitiranso yekha zinthu, kudya, kuvala, kusamba, kugwira khasu. Lamulo lake ndi limodzi. Usamuchitire. Khalira manja akowo, achite yekha.

Wodwala ndili naye kale: apongozi anga aamuna, kumudzi ku Mkhumba. Sitiroko inawagwira nthawi yokolola chimanga, dzanja lamanja langokhala lende. Malangizo ndakhala ndikutumiza kudzera mwa Feston, koma amasungunukira panjira. Lero wawaimbira. Abambo akuti ndikajambule, bola ayambe ameta ndevu.

Dongosolo:
Lachiwiri, kudya okha ndi supuni.
Lachitatu, kuvala malaya ndi kumanga mabatani.
Lachinayi, kusenda nandolo, zala zidzuke.
Lachisanu, kujambula.
Loweruka, kutumiza.
Lamulungu, kuthokoza Mulungu, ndi chitenje chatsopano chija.

Feston waliwerenga, wakanda kumutu. "Ukukumbuka kuti ndi apongozi ako, eti?" Ndikukumbuka! Kwathunso apongozi timawaopa, koma matenda akalowa m'nyumba ulemu umayamba wadikira panja.

Lachiwiri

Ulemu sukudikira panja. Amene akudikira panja ndine.

Ndafika ndi kabaza naini koloko, chiperoni chikulasa m'mafupa. Abambo ali pakhonde pampando wandalema, bulangeti m'miyendo, ndevu zometa bwino. Ndagwada patali monga mwa nthawi zonse, ndapereka moni, ayankha akuyang'ana phiri la Michesi. Ndati ndisendere pafupi ndione dzanjalo. Amayi, apongozi anga aakazi, atulukira ndi mphasa, andiyalira pansi pa mtengo wa mapapaya. Ndawerenga: mapazi khumi ndi awiri kuchokera pakhonde.

"Khalani apa, apongozi, pali kadzuwa."

Kuchokera pamenepo dzanja likuoneka ngati chinangwa. Sindingadziwe chala chimene chikugwedezeka ndi chimene chagona.

Ndabwera ndi supuni yanga yonyaditsa. Chogwirira ndachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka chanenepa, kuti dzanja lofooka ligwire mosavuta. Ndapereka kwa amayi ndi manja awiri, ndafotokoza zonse. Abambo agwire okha. Phala likatayika litayike. Amayi akuvomera ndi mutu uku akuti "eya, eya."

Phala lafika, ndiye andiuza kuti ndikaone ngati moto ukuyaka kukhitchini. Moto ukuyaka bwinobwino. Kungoti mwamuna wamkulu sadya mtengwa akumuyang'ana mkamwa. Ndaima kuseri kwa khitchini, ndapeza kampata pa mpanda waudzu, ndasuzumira ngati wakuba nkhuku.

Amayi akuwadyetsa! Ndi supuni yanga! Abambo angoyasamula ngati mwana wa mbalame, manja onse awiri ali phee pansi pa bulangeti.

Pobwezera mbale amayi ayamikira. "Supuni iyi ndi yanzeru, apongozi. Sikunditerereka m'manja. Ku Zambia kuli maphunziro."

Ndayesa kunena kuti si yawo. Ayankha kuti akhala ndi bambo a Feston zaka makumi anayi, sangawaonerere akudzithira phala pachifuwa ngati munthu wopanda mkazi. Anthu akadutsa aziti chiyani?

Ndabwerera ndi thumba la nyemba za kalongonda ndi mutu wopweteka. Supuni yatsala komweko, aiika m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo.

Lachitatu

Mabatani.

Ndinayenera kuziganizira ndekha usanafike m'mawa: kuti munthu avale malaya, ayambe wavula. Ndangotchula mawu oti "kuvula," amayi agwira pakamwa. Ndapezeka kuseri kwa khitchini ndisanamalize chiganizo. Kampata kanga ka dzulo akatseka ndi saka. Andiona, kani!

Chabwino. Ndikuphunzitsa mokuwa.

"Ayambe kulowetsa dzanja lodwalalo!"

Amayi akupititsa uthengawo m'Chilomwe. Ine Chilomwe ndimangodziwa moni ndi kuthokoza, koma makutu ndili nawo. Ine ndanena mawu anayi, iwo anena mawu ngati makumi atatu, ndipo abambo aseka.

"Batani loyamba likhale lapansi, kuti aziliona! Musawathandize, amayi, chonde!"

"Sindikuwathandiza, ndikungowagwirira."

Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe, andiitana. Malaya avalidwa, mabatani onse asanu ndi awiri ali m'malo mwake mpaka la pakhosi, kolala yopindidwa ngati akupita ku ukwati. Munthu amene dzulo sanagwire supuni! Ndaomba m'manja chifukwa palibenso china choti ndichite.

Ndinasiya foni pamtondo kuti ndiyesere kujambula. Zimene zatuluka:
mtambo,
denga la nkhokwe,
tambala akuyang'ana mu kamera mokayikira,
mawu a mkazi wamisala akukuwa za mabatani.

Wa kabaza pobwerera wandifunsa ngati kumudziko kunali ndewu. Akuti amva mpaka kumjigo.

Madzulo ndamufunsa Feston zimene amayi amanena m'Chilomwe muja. Wamvetsera vidiyoyo, waseka mpaka kutsamwa tiyi. Akuti amati, "Mwana wa eniyu wachokera kutali, tiyeni tingomusangalatsa." Ine sindinaseke. Zandiwawa.

Ndawerenganso uthenga wa Mayi Chirwa mwina ndinaphonya penapake. Ayi ndithu. Nkhope ioneke, manja aoneke.

Lachinayi

Lero zinayamba bwino, ndilembe zimenezo kaye.

Kusenda nandolo sikufuna kuvula kanthu, si kudyanso. Palibe chondithamangitsira kukhitchini. Ndakhala pamphasa yanga pansi pa papaya, amayi aika lichero la nandolo wamuwisi pamiyendo ya abambo, akung'ung'udza kuti ntchito ya akazi. Abambo aliyang'ana nthawi yaitali. Nandoloyu anadzala okha asanadwale.

Atenga khoko limodzi ndi dzanja lamanzere, alipanikiza pa dzanja lodwalalo. Lagwa. Atenganso. Lagwanso. Amayi atambasula dzanja, ine ndatsokomola mwamphamvu, alibweza. Kachitatu chala chachikulu chagwira! Khoko lang'ambika, nandolo zitatu gubudu m'lichero. Abambo ayang'ana kwa ine. Kwa ine, osati ku phiri! Kenaka akumbukira, abwezera maso ku Michesi.

Ndimati ndisendeze mphasa pang'onopang'ono, phazi limodzi pa ola, kuti pofika mawa ndikhale ndalowa mu kamera.

Ndinaiwala kuti Lachinayi ndi tsiku la amayi a kumpingo loyendera odwala.

Tamva nyimbo ikubwera ndi njira ya kudimba. Amayi khumi ndi anayi, mabulauzi oyera, mipango yoyera, wina wasenza nkhuni, wina shuga. Alowa pabwalo, nyimbo yazima pakati pa vesi. Akuona bambo wodwala sitiroko, thukuta pamphumi, akulimbana ndi nandolo. Mkazi wake waima chilili. Mtengwa wakhala pamthunzi, miyendo yotambasula, foni m'manja.

Amayi apampando angoti, "Kalanga ine! Mpaka ganyu?"

Lichero alilanda. Akhala mozungulira, ayambanso nyimbo, nandolo yense wa mawa ndi mkuja amusenda m'mphindi khumi ndi zisanu. Wina wawapukuta abambo thukuta, wina wawafunditsa bulangeti mpaka m'khosi. Ndayesa kufotokoza kuti zala zimadzuka zikamagwira ntchito. Andimvetsera mwaulemu kwambiri, mmene timamvetsera woledzera pamaliro.

Pemphero linali lalitali. Apempherera abambo, mvula, boma, kenaka "ana athu ophunzira, amene sukulu yawachotsa chisoni." Aliyense wati ameni. Inenso ndati ameni, ndikanatani?

Amayi sanandiperekeze mpaka pamsewu lero. Achita manyazi pamaso pa anzawo, ndipo wawachititsa ndine. Feston walandira mafoni anayi, ina yochokera kwa azakhali ake a ku Chiringa amene sanatiimbirepo chikwatiranireni.

Kwatsala mawa lokha.

Lachisanu

Feston wapempha tsiku kuntchito. Akuti akalankhula yekha ndi bambo ake, mwamuna ndi mwamuna, mphindi zisanu zokha andilole ndiwagwire dzanja. Ndasita yunifolomu yanga yoyera ya ku Chipata, ndamanga tsitsi, ndapaka ndi kamilomo komwe. Panjinga yamoto ndakhala ngati dzira.

Akambirana pakhonde, ine pamphasa. Feston akulankhula ndi manja, akutchula ntchito, Chipata, banja lathu. Abambo amvetsera mpaka wamaliza. Ayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono chifukwa lilime likadali lolemera, ndipo ndikudziwa kuti asankha Chichewa kuti ndimve ndekha.

"Ine ndakhala pamudzi pano zaka makumi anayi. Apongozi anga mpaka anamwalira sindinawagwirepo ngakhale chala. Akazi akowa ndimawalemekeza. Dzanja lafa kale, mukufuna ndi ulemu womwe ufe?"

Feston wayang'ana pansi. Ine ndayang'ana yunifolomu yanga. Kukwiya ndakwiya, koma ndikwiyire ndani? Munthu akukukaniza ntchito chifukwa chokulemekeza.

Ndimati tizipita, amayi andikodola, tapita kuseri kwa khitchini, ku ofesi yanga. Akuti lero m'mamawa potuluka kukasesa apeza abambo ali kale pakhonde. Dzulo lija abambo anabisa makoko asanu a nandolo pansi pa bulangeti amayi a kumpingo asanalande lichero, ndiye amasenda okha, akuganiza kuti palibe akuwaona. Amayi anaima pakhomo ndi tsache mpaka makoko onse asanu anatha.

"Ndiuzeni zochita, apongozi. Lero ndichita zimene mukunena, osati zanga."

Ndawauza. Supuni ituluke m'kabati. Mbale ikhale pa nsalu yonyowa kuti isathawe. Chigongono chitsamire patebulo. Phala likhale lolimbirako. Ndipo inu amayi, manja anu muwakhalire. Ndawaonetsa mmene ndimachitira ine, manja pansi pa ntchafu. Aseka, koma amva.

Feston wagwira foni. Ine kuseri kwa mpanda, saka lili pamalo pake, ndikungomva.

Supuni yagwa. "Musatole, amayi! Atole okha!"
Yagwanso. "Dikirani! Werengani mpaka teni mumtima!"
Yagwa kachitatu, abambo atukwana m'Chilomwe, mawu amenewo ndawamva popanda womasulira.
Kenaka zii. Ndamva supuni ikukhula mbale, kenaka amayi akulira, kenaka nthungululu.

Masupuni atatu, okha! Ndalumpha kuseri kwa khitchini ndekhandekha, yunifolomu yakodwa pa msomali, yang'ambika pathumba.

Vidiyoyo ndaionera panjira, titaima pamlatho. Vidiyo yokongola zedi. Abambo akutuluka thukuta, amayi akhalira manja awo, milomo ikuwerenga mpaka teni, misozi ikutsika koma osasuntha. Zaka zinayi za sukulu, sindinaonepo wophunzira wogwira msanga chonchi.

Ine ndikuonekamo kumapeto, Feston akutembenuka: chigongono changa, chikutuluka kuseri kwa mpanda, masekondi awiri.

Loweruka

Netiweki ya kunyumba ikungozungulira. Ndapita kumsika, ndaima pafupi ndi ogula nandolo pamene imagwira bwino, foni m'mwamba ngati ndikuitanira malonda. Vidiyo yapita leveni koloko itadutsa pang'ono. Ndalembanso uthenga wautali wofotokoza mwambo wa apongozi, koma uthengawo wakanirira, vidiyo yapita yokha.

Kudikira. Ndasesa m'nyumba kawiri. Ndasoka thumba la yunifolomu. Ndakazinga mtedza, ndaupsereza.

Fili koloko foni yalira. Mayi Chirwa, mawu ali m'mwamba.

"Mayi, taonera tonse muofesi! Mukuoneka achikulire kusiyana ndi pachithunzi chanu chija, koma kuleza mtima kwake! Mmene mwakhalira manja muja! Koma wokuwa kumbuyoyo ndani? Timafuna kumudula, zatikanika."

Ndawauza kuti wokuwayo ndine.

Ndamva akutseka chitseko.

Ndafotokoza zonse, mphasa, papaya, saka, chigongono. Amvetsa, iwonso ndi mtengwa kwinakwake, akuti apongozi awo aamuna akamabwera amathawira kwa aneba. Aseka, kenaka apepesa chifukwa choseka. Koma osankha si iwo okha. Pali komiti, ndipo ena mwa iwo ali kunja, amangoona zimene zili pa vidiyo. Enawo awiri atumiza mavidiyo oonekamo nkhope ndi manja. Ndapempha masiku atatu ndipeze wodwala wina amene si m'bale wa mwamuna wanga. Akuti komiti ikumana madzulo omwe ano.

Faivi koloko uthenga wafika. Atenga mnyamata wa ku Zomba. Andifunira zabwino zonse.

Pansi pake pali uthenga wina. Akufunanso anthu odzipereka a m'midzi, oyendera odwala sitiroko m'makomo ndi kuphunzitsa achibale awo. Sukulu safunsa. Amapereka njinga yakapalasa, chikwama ndi maphunziro a sabata ziwiri. "Mayi a mu vidiyo aja angakonde? Fomu ndatumiza."

Feston wawerenga, watsegula pakamwa, watsekanso. Wachita bwino.

Ndalira kubafa, madzi akutuluka pampopi kuti aneba asamve. Kenaka ndatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu.

Lamulungu

Chitenje chatsopano ndavala ndithu, sichinalakwe kanthu.

Kutchalitchi, kumene a ku Mkhumba amapempheranso, amayi apampando aja andigwira dzanja nthawi yaitali. Akuti amva kuti bambo a Feston ayamba kudya okha, mapemphero a Lachinayi aja sanapite pachabe. Ndavomera.

Zolongedza:
mapepala, mu envulopu yomweyo,
yunifolomu yosoka pathumba,
nandolo wokapatsa amayi anga,
theka la zithunzi za ukwati, theka lina litsale ndi mwini wake.

Feston akungoyendayenda m'nyumba, akufunsa zinthu zimene akuzidziwa kale, kuti mchere timasunga pati. Akuti Khirisimasi si kutali. Ndi kutali. Ndamuuza kuti ndikuopa, iyenso wati akuopa, takhala pabedi mpaka nthawi yopita kumudzi kukatsanzika yakwana.

Mphasa yanga ndaipeza yoyala kale. Abambo atuma amayi kuti andiuze kuti ndiyende bwino, ndipo ndikafika ndiziimba foni Lachiwiri lililonse, amayi aziika pa sipika kuseri kwa khitchini, chifukwa mabatani sanathe. Ndayankha kudzera mwa amayi omwewo kuti ndamva. Tonse tikumvana bwinobwino, mapazi khumi ndi awiri okha, koma uthenga ukuyenda ndi amayi uku ndi uku.

Za njinga amayi avomera ndisanamalize kufotokoza. Akuti ku Mkhumba kuno akudziwa makomo anayi kumene anthu akudyetsedwa ngati makanda, ndipo akazi ake ndi ouma mitu, afunika munthu wowalankhula mosapsatira. Ndawayang'ana. Iwo osaphethira n'komwe.

Fomu ndawalembera ine, pabondo, Feston atakaisindikiza ku Migowi. Dzina, mudzi, zaka, mumatha kupalasa njinga, eya. Funso lomaliza: munaphunzira kwa ndani kusamalira odwala motere?

Ndawawerengera, ndagwira cholembera, ndikudikira. Amayi aganiza nthawi yaitali, akundiyang'ana, kenaka ayang'ana kumbali.

"Dzina lanu ndingalitchule bwanji ine, apongozi, pamaso pa bambo a Feston? Si ulemu umenewo. Lembani kuti Mulungu."

Ndalemba kuti Mulungu, ndi zilembo zikuluzikulu kuti a komiti asavutike kuwerenga. Wa kabaza ndamuuza abwere faivi koloko m'mawa.